Buleka ya 32 imene anaika apongozi anga

Aphungu,

Ndiyambe ndi kunena kuti sindikulemba chifukwa choopa mayeso. Mayeso a chiphaso cha zamagetsi ndikalemba ku Blantyre mwezi wamawa, ndipo ndikakhoza. Sikudzitama ayi, koma bukulo ndalitafuna lonse. Mutandiimitsa pa msika wa Chonde n'kundifunsa kuti chitofu cha mawati 6,000 chimakoka maampu angati, ndingakuyankheni musanatseke pakamwa: 26. Chimene chandilembetsa kalatayi ndi apongozi anga aamuna.

Ndili ndi zaka 31. Kwathu ndi ku Phalombe, koma ndili pa chikamwini kuno ku Likhubula, kwawo kwa mkazi wanga Edna. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinali wonyamula katundu wa alendo okwera phiri, chikwama kumsana kuchokera pansi pano mpaka ku Chambe. Bondo lamanzere litayamba kuvuta, bambo ake a Edna, a Americo, anandiitana n'kunena kuti, "Akamwini, bondo limenelo silifika nanu patali. Tengani pulayazi iyi, mawa tikupitira limodzi ku Chonde." Umu ndi mmene ndinalowera ntchito yamagetsi, ndipo pano ndatha zaka zinayi ndili pambuyo pawo.

A Americo si munthu wamba pa ntchitoyi. Anabwera kuchokera ku Milanje, kutsidya kwa malire, nthawi ya nkhondo, ntchito ataiphunzira kale masiku a mafyuzi omanga ndi kawaya. Chiphaso ali nacho chakalekale, ndipo masitolo ambiri a pa Chonde anaika magetsi ndi iwo. Chilichonse chimene manja angawa amadziwa ndi chawo. Ngakhale kalata yotsimikiza kuti ndagwira ntchito zaka zinayi, imene ikufunika kumayeso, adzasayina ndi iwo. Ndimawakonda, Aphungu, sindikubisa.

Ali ndi kachitidwe kawo. Akamaliza ntchito amayatsa zonse za m'nyumbamo, amadikira mphindi khumi, kenako amagunditsa kuseri kwa dzanja pa buleka, kaswichi ka m'bokosi kamene kamagwa magetsi akachuluka. Ikakhala yozizira amati "Pronto!", kutanthauza kuti zatheka, n'kutseka bokosi. Inenso ndakhala ndikuchita chimodzimodzi, mpaka Pronto yemweyo ndinatengera.

Tsono nkhani ndi iyi. Mayi Lizzie ali ndi nyumba ya alendo ya zipinda zinayi pafupi ndi poyambira njira ya kuphiri. Chaka chatha m'nyengo yozizira alendo otsika ku Chambe ankadandaula ndi madzi osamba, moti mayiwo anagula giza yotenthetsera madzi ya mawati 3,000 n'kutiitana kuti tikaike. Waya amene anali pafupi ndi bafa anali wa mababu, wa 1.5, woonda uja. Apongozi anatenga moto wamagetsi pomwepo, n'kuwonjezeranso soketi imodzi pakhonde yoti alendo aziwiritsira ketulo. Titayatsa, buleka ya maampu 10 inagwa. Tinaidzutsa, inagwanso. Apongozi anapisa m'chikwama n'kutulutsa ya 32, amvekere, "Iyi ndiye yamphamvu, siigwa chisawawa." Inakhaladi osagwa. Anaigunda ndi kuseri kwa dzanja, zii kuzizira, Pronto. Amene anaimanga m'bokosimo ndine, ndi manja anga omwewa.

Pokonzekera mayeso ndinayamba kudziyesa ndi nyumba zimene tinagwirako ntchito, kuti masamu asamangokhala a m'buku. Nditafika pa ya mayi Lizzie, ndinapeza izi. Giza ikukoka maampu 13, ketulo ya mawati 2,000 pafupifupi 9, mababu onse pamodzi 1. Zonse 23. Tebulo la m'buku likuti waya wa 1.5 woyenda m'paipi amatha 17.5 basi. Pamwamba pake tinakhazikapo buleka imene imadikira mpaka 32 ndi kupitirira.

Lachiwiri lapitali mayi Lizzie anandiitana kuti ndikakonze babu la m'bafa. Ndinathimitsa magetsi onse n'kukwera m'siling'i, ndipo ndinatsegula kabokosi kamene tinalumikiziramo mawaya a giza. Mayo ine! Pulasitiki wa waya uja wasanduka wakhofi, wauma gwaa, ndikamukhudza akungoyoyoka. Siling'iyo ndi ya matabwa a paini. Nditatsika, mayiwo anati, "Achimwene, mwapezamo khoswe wakufa? Alendo akamasamba kumamveka kafungo ngati ka nsomba yoola." Ndinangoti sindinamuone khosweyo.

Ndinayesa kuwafikira apongozi mozungulira, ngati ndikufunsa za mayeso. Ndinati, "Bambo, m'bukumu akuti buleka imateteza waya, osati chipangizo." Anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Akamwini, kumayesoko kalembeni zimene akufunazo, mukatenge pepala lanu. Kuntchito muzichita zimene ndinakuphunzitsani. Mwa nyumba zanga zonse, inapsapo iti?" Ndinangoti, "Zoona, bambo," maso ali pansi. Inu mukudziwa, mkamwini sangaime pabwalo la eni n'kuuza apongozi kuti mwalakwitsa. Nditamuuza Edna, iye anati, "Mukawachititsa manyazi bambo, pamudzi pano muzidya ndi ndani?"

Loweruka la sabata yamawa kwa mayi Lizzie kukubwera gulu la aphunzitsi khumi ndi awiri okakwera phiri. Zipinda zonse zidzadzaza ndipo giza idzayaka osapuma. Ndiye ndapeza nzeru. Ndipita mwakachetechete, ndikachotse ya 32 ija, ndikaikepo ya 16. Taonani kukongola kwake: 16 ili pamwamba pa 13 ya giza, ili pansi pa 17.5 ya waya. Ketulo ndingowauza mayiwo kuti isamayake limodzi ndi giza. Apongozi osadziwa, nyumba yapulumuka, ulemu wasungika.

Masamuwa ndawabwereza katatu, ali bwinobwino, musavutike nawo. Chimene ndikufuna kwa inu n'chimodzi: kodi kusintha ntchito ya apongozi mobisa, pofuna kuwasungira ulemu, ndi kulakwa?

A.G.,
Likhubula, Mulanje.

Bambo A.G.,

Mwati masamu ndisavutike nawo. Pepani, ndiyambira pomwepo.

Koma choyamba, owerenga adziwe kuti kalata yanu itangondipeza ndinaimba nambala imene munalemba kuseri kwa envelopu. Ndinakuuzani chinthu chimodzi chokha: thamangani kwa mayi Lizzie, mukagwetse buleka ya 32 ija, muimate tepi, isadzukenso. Munati, "Koma Aphungu, mababu athima nawo." Ndinati athime, nyali za dzuwa zadzaza m'misika. Munapita, ndipo ndakutamandani. Zotsalazo nazi.

Ine ndinagwira zamagetsi mu fakitale ya tiyi zaka makumi atatu ndisanayambe kuyankha makalata a anthu osweka mitima, moti kalata yanu yandisangalatsa kuposa mmene mukuganizira. Kugawa mawati ndi mavolti 230 mumatha, sindikutsutsa. Koma 17.5 mukumunyadirayo munamutenga pa tebulo, ndipo pamutu pa tebulolo pali timawu ting'onoting'ono timene simunawerenge: kutentha kwa madigiri 30. Tsono ndikufunseni. Lachiwiri lija, mwezi uno wa Okutobala, mutakwera m'siling'i pansi pa malata, munatsikamo malaya ali ouma? M'menemo masana mumafika madigiri 45, nthawi zina kuposa. Waya amene ali kale pamalo otentha satha kutaya kutentha kwake, choncho mphamvu zake zimatsika. Tembenuzani tsamba, mupeza tebulo lina. Pa madigiri 45 likuti chulukitsani ndi 0.79. Chitani nokha: 17.5 kuchulukitsa ndi 0.79, mupeza 13.8.

Mwaiona 16 yanu yokongola ija? Ili pamwamba pa waya. Mwachita zomwezo anachita apongozi anu, kungoti inu mwachita mwaulemu. Iwo anasankha buleka poyang'ana kuti isagwe, inu mwasankha poyang'ana giza ndi theka la tebulo. Nonse awiri simunafunse kuti wayayo akukhala malo otani.

Musagwe mphwayi, bola mwakodwa pano kusiyana ndi kukakodwa ku Blantyre. Olemba mayeso amaukonda msampha umenewu. Amaponya kachiganizo kamodzi pakati pa funso, koti waya akudutsa pansi pa denga la malata, kapena ali m'paipi imodzi ndi anzake, n'kukhala phee kudikira anthu othamanga ngati inu. Mukaona funso la fyuzi kapena buleka, lembani manambala atatu motsatana, ndipo muonetse mmene mwapezera iliyonse. Yoyamba, maampu amene katundu akukoka. Yachiwiri, buleka, yomwe isachepere yoyambayo. Yachitatu, maampu amene waya angathe pamalo pomwe aliripo, mutachotsera kale za kutentha ndi kuthithikana, ndipo imeneyi isachepere buleka. Yachitatuyo ikachepa, chosintha ndi waya. Buleka siikula chifukwa choti yagwa.

Inu munali wonyamula katundu, izi siziyenera kukuvutani. Pansi pa phiri paja pamakhala munthu woyeza zikwama. Ntchito yake si kusangalatsa mlendo, koma kuteteza msana wanu. Chikwama chikalemera, amaitana wonyamula wachiwiri. Mukanamva bwanji akanati angosintha sikelo kuti izionetsa zopepuka? Ndipo mukudziwa kuti katundu amene munkakwera naye bwinobwino mu Juni, mu Okutobala ankakukhazikani pansi musanafike theka la njira.

Onjezani ziwiri za m'thumba, chifukwa zimabwera kawirikawiri. Funso likanena za fyuzi yomanga ndi kawaya, ya masiku a apongozi anu, pali 0.725 woti muchulukitsenso, popeza fyuzi yoteroyo imachedwa kuduka. Likanena za mota ya chigayo imene imagwetsa buleka polizidwa pokha, musathamangire nambala yaikulu. Yang'anani chilembo chili pa bulekayo, B, C kapena D, chifukwa chimenecho n'chimene chimanena kuti ipirira bwanji kukoka kwa poyambira.

Tibwerere kwa mayi Lizzie. Ngakhale masamu anu akanakhala olondola, nzeru yanuyo inali yakufa kale pa zifukwa ziwiri. Waya amene pulasitiki wake akuyoyoka salinso pa tebulo lililonse, ameneyo ndi wochotsa basi. Chachiwiri, aphunzitsi khumi ndi awiri atsika ku Chambe miyendo ikunjenjemera, ndani akawaletse tiyi? Ketulo idzayaka, giza ili mkati, ndipo 16 yanu idzagwa. Mayi Lizzie adzaimbira ndani? A Americo. Adzatsegula bokosi, adzapeza buleka imene sanaike, ndipo sadzafunsa n'komwe kuti waika ndani. Adzabwezeretsa ya 32, inu mudzasanduka mkamwini woyenda kumbuyo kwa apongozi. Ulemu munkasungawo udzathera pomwepo, waya akupsabe.

Ndiye yankho la funso lanu ndi lakuti inde, kuchita mobisa n'kulakwa. Osati chifukwa cha mwambo wokha, koma chifukwa sikukonza kanthu.

Ntchito yoyenera ndi iyi. Giza ipatsidwe waya wakewake wa 2.5 kuchokera ku bokosi, ndi swichi yake. Tebulo limamupatsa 24, kuchulukitsa ndi 0.79 atsala pafupifupi 19. Apa ndiye 16 yanu yapeza kwawo: 13, 16, 19. Koma ayende m'paipi yakeyake. Mukamuthithika ndi mzere wina, muchulukitsanso ndi 0.8, atsika kufika pa 15, ndipo mufunika wa 4. Onaninso kutalika kwa mtunda kuchokera ku bokosi. Soketi ya ketulo ichoke pa mababu, ipite ku mzere wa masoketi. Waya yense wopserera achoke, osati kumata tepi, ndipo mababu abwerere pa buleka yaing'ono, ya 6 ikwanira. Popeza ndi zamadzi, waya wa pansi alumikizidwe bwino, ndipo pakhale chogwetsa magetsi akamadutsa m'thupi la munthu. Anthu awiri odziwa ntchito, limeneli ndi tsiku limodzi.

Ndati anthu awiri dala. Inu chiphaso mulibe, choncho ntchitoyi ikufunika mwini chiphaso. Wachiwiriyo ndikufuna akhale a Americo.

Musawaone ngati mbuli. Dzanja lawolo lili ndi mbiri. Masiku a mafyuzi, kachotengera ka fyuzi kankafunda katundu akachuluka, ndipo mpaka lero kuseri kwa dzanja kumagwira waya womangidwa mosalimba. Anaphunzira chinthu choona. Kungoti buleka ya 32 imene ikunyamula 23 ili pa tchuthi, izizira bwanji osazizira? Moto uli m'siling'i, kumene dzanja lawo silinafike. Akuti nyumba yawo inapsapo iti. Ine ndinkanenanso choncho, mpaka tsiku limene ndinamanga kawaya konenepa pa fyuzi ya makina ofotetsera tiyi kuti akuluakulu asandikalipire. Chingwe chinapsa kuchokera ku bokosi mpaka ku makina, mwamwayi popanda wovulala. Kapitawo wathu sananditukwane. Anadula kachidutswa kopserera, n'kundiika m'manja, n'kuchoka. Ndikali nako m'kabati.

Nanenso ndinakhalapo pa chikamwini zaka zisanu ndi zinayi ku Thyolo, ndikudziwa mmene lilime limalemerera pamaso pa apongozi. Ndiye tamverani. Musatume Edna, mungomuika pakati pa bambo ake ndi mwamuna wake popanda chifukwa. Buku lisiyeni kunyumba, munaona kale mmene analisekera. Musayambitse nkhaniyi pakhonde pali anthu, kapena pa Chonde pamaso pa makasitomala awo. Apezeni ali okha m'mawa, muwauze kuti, "Bambo, kwa mayi Lizzie ndaona chinthu chandiopsa pa ntchito yathu ija. Ndagwetsa buleka. Tiyeni mukaone ndi maso anu." Mawu akuti yathu musawameze. Mwanena nokha kuti amene anamanga buleka ija ndinu, ndiye simukupita kukaweruza munthu, mukupita kukakonza zimene munalakwitsa awiri.

Mayi Lizzie nawo auzeni zoona lero lomwe. Nyumba ndi yawo, ndipo khoswe amene akumufunafunayo kulibe. Kafungo ka nsomba kaja ndi pulasitiki akupsa. Pamene munati simunamuone khosweyo, munawabisira chinthu chimene anayenera kudziwa, ndipo zimenezo sizinandisangalatse.

Mukafika ndi apongozi, thimitsani swichi yaikulu, yezani ndi choyezera kuti motodi wachoka, musakhulupirire maso. Ngati msinkhu suwalola kukwera, kwerani inu. Dulani kachidutswa ka waya woyoyoka uja, kotalika ngati chala, mutsike nako, muwapatse ndi manja awiri monga mmene mumawapatsira china chilichonse. Mukatero tsekani pakamwa. Osatchula 0.79, osatchula tebulo. Munthu amene wagwira mawaya zaka makumi anayi safunika womasulira akagwira waya wopsa. Ndikukhulupirira kuti adzayamba okha kukuuzani kuti giza imafuna waya wakewake, mwinanso mokukalipirani ngati nzeru yolumikiza pa mababu inali yanu. Ivomereni, sikupha.

Mwina mukufunsa kuti nanga akakana, n'kukananso kusayina kalata yanu? Zikhoza kutheka, sindikunamizani. Zikatero, mayi Lizzie aitane wina wa chiphaso adzagwire ntchitoyo Loweruka lisanafike, inu mupirire nkhope zokwinya pamudzipo. Mayeso amabweranso, ndipo mmene ndakuonerani, mukangophunzira kuwerenga timawu ta pamutu pa tebulo, chiphasocho n'chanu. Munthu amene amakwera m'siling'i kukayang'ana ntchito yake ya chaka chatha, popanda womutuma, ndi amene timafuna pa ntchito imeneyi.

Chenjezo langa ndi limodzi. Kaya apongozi akwiya, kaya Edna akhala masiku osakuyankhulani, kaya mayi Lizzie achonderera kuti muidzutse kwa masiku awiri okha alendo asambe madzi otentha, ya 32 ija isadzukenso pa waya ameneyo. Inu mukuopa kusowa odya nawo pamudzi. M'zipinda zinayi zija mudzagona anthu khumi ndi awiri otopa ndi phiri, amene sakudziwa n'komwe kuti pamwamba pa matabwa a paini aja pali waya. Amene akudziwa ndinu.

Aphungu